Kunyonyomala kwa Tiwonge

Tinachoka ku Hewe tambala atangolira: ine, mkazi wanga NyaGondwe, ndi Tiwonge, mwana wathu wa zaka zinayi amene anabadwa ndi mtima wobooka. Ku Mzuzu kunabwera dokotala wong'amba mitima, woti akanene ngati wa mwanayu ungakonzeke.

Ine sindigula kanthu osanenerera. Wa matola ndinalimbana naye mpaka anatichotserako, kenako anatikhazika pamwamba pa mabelo a fodya. NyaGondwe anati mtengo ndatsitsadi, koma ife ndatikweza.

Pa Bolero tinatsika kukagula zitumbuwa. Tiwonge atayenda pang'ono milomo inada, n'kunyonyomala pakati pa njira monga amachitira masiku onse. Ndinamuuza kuti adzuke, galimoto itisiya. Pa Rumphi boma anachitanso, tikuthamangira minibasi.

Masana tinalowa kwa dokotala, mayi wamfupi wosathamanga polankhula. Atamuunika Tiwonge, anajambula mtima papepala. Anati khoma la pakati lili ndi bowo, ndipo njira yopita ku mapapo ndi yopanikizika, choncho magazi amathawira pabowopo osakatenga mpweya. Akanyonyomala, mitsempha ya m'miyendo imafinyika, magaziwo n'kukankhidwira ku mapapo.

"Ndiye musamamudzutse, bambo. Akudzithandiza yekha."

NyaGondwe anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

Dokotala anati opaleshoni idzakhala iwiri, kuchipatala chakunja: yoyamba kuika kapaipi kopatutsira magazi ku mapapo, yachiwiri kutseka bowo ndi chigamba. Apa khalidwe langa linadzuka.

"Adokotala, popeza mwatsegula kale, bwanji mungomaliziratu zonse kamodzi? Chigambacho chikhale basela."

Anaseka mpaka anavula magalasi. Anati ana ena amatero ndithu, koma mitsempha ya Tiwonge yopita ku mapapo ndi yaing'ono chomene. Iyenera kuyamba yakula ndi magazi a kapaipiko, apo ayi singawalandire onse. Ndinafufuza ponenerera, ndinapasowa. Ndinangothokoza m'chikwathu kuti yewo. Dzina la Tiwonge analilemba pa mndandanda wa ana opita ku opaleshoni.

Pobwerera, pa depoti ya Mzuzu, Tiwonge ananyonyomalanso pafupi ndi chitseko cha minibasi. Nanenso ndinanyonyomala pambali pake, kudikira milomo iyere. Kondakitala anaitana, ine chete. Anaitananso, ine chete. Poganiza kuti ndakana mtengo, anati, "Chabwino madala, mwanayo asalipire, kwerani."

Zaka zonsezi ndakhala ndikutha malovu m'misika. Tiwonge anatsitsa mtengo osatsegula pakamwa, ndipo minibasi yonse inadikira mpaka anadzuka yekha.