Tenti yathu tinaichapa ndi sopo

Loweruka lapitali ndinavumbidwa ndi mvula ndili m'kati mwa tenti, mayi a kunyumba akundiyang'ana osaphethira.

Ndine mphunzitsi ku Chitala, kwathu ndi ku Ntcheu. Zaka zonsezi nyanja ili pafupi, koma mkazi wanga anali asanagoneko. Malo ogona alendo a ku Senga Bay mitengo yake si ya ife a choko. Ndiye nditaona katenti pa kaunjika ku Salima, mtundu uja amabereka kumsana anthu oyendayenda, ndinati basi zatheka. Kuwanyengerera mayiwo kunanditengera miyezi. Pomaliza anati, "Ndipita kamodzi. Zikavuta, za nyanjazo musadzanditchulirenso."

Tentiyo tinaikhoma masana pamchenga wa kunyanjako. Cha m'ma 3 koloko mvula inatulukira kunyanja ndi chimphepo chake. Mphepoyo tenti inapirira, zikhomo sizinazuke. Koma madzi ankalowa pansalu ngati pasefa. Bulangeti, buledi, chitenje chawo chatsopano, zonse zinanyowa.

Anatipulumutsa ndi mayi Asiyatu, oyanika usipa chapafupi pomwepo. Anathamanga ndi chipepala chakuda chomwe amafunditsa pathandala lawo, n'kutiponyera pamwamba. Mvula itakata anasisita nsalu ya tentiyo.

"Mwaichapa eti, achimwene? Wallahi, izi sachapa ndi sopo. Za alendo ndimaziona kuno, madzi amangotsetsereka."

Mayi a kunyumba anawerama. Tisananyamuke anali ataichapadi ndi sopo waufa, kuikwecha pamwala, kuiyanika padzuwa masiku awiri. Wowatuma ndinali ine, poti inkanunkha belo. Ndani wa ife amagwiritsa ntchito cha pa kaunjika asanachape? Kukanakhala makala tsiku limenelo bwenzi titaisitanso. Sitinadziwe kuti tikukwecha mankhwala amene amaletsa madzi kulowa. Manyazi anandigwira, sindibisa.

Lolemba kusukulu anzanga anaseka mpaka misozi. Wina anati, "Aphunzitsi, zimenezo n'zachizungu, zisiyeni." Apa ndiye pondinyansa. Timagula katundu wopanda kapepala ka malangizo, kufunsa timachita manyazi, chinthu chikationongekera timathamangira kunena kuti sichathu. Chachizungu n'chiyani pamenepa, nsalu kapena nyanja? Anthu akwere ndege kudzagona pamchenga wa ku Salima, ife a pompano tizingomva fungo la usipa pamsika? Ine ayi.

Tenti yabwino mvula imapirira, bola kuisamala. Ikada ipukuteni ndi madzi okha. Nsalu yapamwamba ikungeni ndithu isakhudze yam'kati, ndipo yang'anani m'misoko, poti ndimo mumayambira kudontha. Koposa zonse iyeseni pakhomo musananyamuke, osati kukaiyesera pa mkazi wanu monga ndinachitira ine.

Kuchokera kunyanja mayiwo sanandilankhule, pakabaza ngakhale m'minibasi. Ine ndinabwereka tenti ina kwa mnzanga wina wa zaumoyo, n'kuikhoma kuseri kwa nyumba. Inakhala pamenepo masiku awiri, iwo akungoilambalala popita kukatunga madzi.

Dzulo ndikuweruka ndinawapeza atakhala m'katimo, ndowa zitatu zodzaza zili panja.

"Thirani," anatero.

Ndinathira yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ana a aneba atatiunjirira.

"Katungeni ina. Likagwa dontho limodzi, mupita nokha."

Silinagwe. Tikunyamuka Loweruka, kugwe mvula kaya kusagwe.