Tsiku Lomwe Ba Sakala Ankasunthasuntha

Ndinanyamuka ku Lusaka Loweruka sikisi koloko isanakwane, pa minibasi yomwe mawu oti Rufunsa ndi Mpanshya anali olembedwa pa katoni kutsogolo. Kondakitala anati K200. Nditamuuza kuti masiku athu tinkalipira theka la pamenepo, anandiyang'ana mwachifundo n'kuti, "Mami, masiku yanu mafuta yanali zingati?" Ndinalipira, n'kukadzipanikiza kumbuyo pakati pa thumba la mbewu ya chimanga ndi mayi wina wofungata bokosi la anapiye.

Ndinkapita ku Mpanshya kwa Ba Sakala, omwe ndinali mlembi wawo zaka zisanu ndi ziwiri pa ofesi ina ya zaulimi ku Rufunsa. Sankadziwa kuti ndikubwera. Sankadziwanso kuti kalendala yawo inkaonekabe pa foni yanga, ngakhale panali patadutsa zaka ziwiri chipumire iwo pa ntchito, ine n'kusamutsidwira ku Lusaka.

Zinayamba bwinobwino. Ntchito yanga inali kuwaikira misonkhano, ndipo poyamba kalendala ya pa kompyuta inkangondionetsa kuti ola lakuti ndi otanganidwa, osanena kuti atanganidwa ndi chiyani. Ndiye ndinkagogoda pakhomo pawo kakhumi pa tsiku kufunsa ngati ichi chingasunthidwe. Tsiku lina atatopa nane anati, "Esnart, nitsegulileni chabe vonse muzizionela mweka." Tinatsegula, ndipo kuyambira pamenepo ndinkaona zonse ndi kusintha zonse. Koma munthu wamkulu uja ankalemba mu kalendalamo monga ankalembera m'dayale yake ya chikuto chakuda: msonkhano wa alimi, kumeta tsitsi, kwaya, kugula mankhwala a nkhupakupa. Atapuma pa ntchito anaiwala kunditsekera, ineyo sindinawakumbutse. Ndinkakonda kuona m'mawa kuti lero Ba Sakala akupalira, chifukwa ndinkamva ngati ndidakali ku Rufunsa.

Mwezi wa Okutobala zolembazo zinasintha. Lachiwiri lililonse kunayamba kubwera mawu oti "Chipatala, Mpanshya." Kenako panaoneka mawu awiri okha: "Kuuza ana." Anali pa Lamlungu, koma tsikulo litafika anawasunthira Lamlungu linalo. Anasuntha kanayi ine ndikuona. Mkazi wawo anamwalira kale, ana atatu ali ku Kitwe, ku Chipata ndi ku Lusaka. Ndinachita mantha, komanso ndinachita manyazi, popeza kuti ndiwafunse ndinayenera kuyamba ndaulula kuti ndakhala ndikusuzumira m'moyo wawo popanda chilolezo.

Pa Chongwe tinaima cha m'ma seveni kuti dalaivala adye. Ife tinagula vitumbuwa pa windo, vitatu K5, vamafuta mpaka pepala kuonekera. Anapiye anali atayamba kulira ndi kutentha, mwini wake akuwapepeza ngati ana a munthu.

"Muyenda kuti?" anandifunsa.

"Ku Mpanshya, kuona odwala."

"Adwala chani?"

"Siniziwa."

"Manje mwaziwa bwanji kuti adwala?"

Ndinaluma chitumbuwa kuti ndisayankhe. Mayiyo anaseka n'kuti anthu a ku Lusaka amamva nkhani ngakhale mwini wake asanaimve.

Pa Chinyunyu tinafika hafu pasiti eyiti. Azimayi anathamangira minibasi ndi mabeseni a masuku, mulu K10, ndipo m'mbali mwa msewu matumba a makala anali ndandanda ngati kale. Apa mtima unandibwerera m'mbuyo. Tikamachokera ku misonkhano ya ku Lusaka pa galimoto ya ofesi, Ba Sakala ankaimitsa dalaivala pa akasupe a madzi otentha a pamalopo kuti aliyense aviike chala, ati kutopa kwa mu tauni kutsale pomwepo. Nthawi imeneyo ankailembanso mu kalendala, mphindi makumi awiri, ndipo tsoka kwa mlembi woikapo china. Ndinagula milu iwiri ya masuku, wina wanga wina wawo.

Rufunsa ndinaipeza teni koloko ndipo ndinatsala pang'ono kusaizindikira. Nyumba za boma zachuluka, msika wakula. Titabwera ife, boma la Rufunsa litangoima palokha, tinali anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, pulinta imodzi, ndipo netiweki tinkakaipeza pa chulu kuseri kwa ofesi. Ndinkakwera pachulupo ndi laputopu m'manja kuti maitanidwe a msonkhano atuluke, Ba Sakala ali pansi akufunsa ngati uthenga wapita. Tinkadandaula tsiku ndi tsiku kuti anatitaya kutchire. Lero ndikamakhala mu ofesi ya magalasi ku Lusaka, momwe munthu wa desiki yoyandikana nane sindimudziwa kwawo, ndimasowa chulu chija. Mayi wa anapiye anatsika pamenepa, n'kunditsanzika kuti ndikawafunse bwino odwalawo.

Kuchoka apo msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri. Minibasi inkakwera molira, malole a katundu wa ku Chipata ndi ku Malawi akutidutsa potsika. Mvula yoyamba inali itagwa, minda yofiira, anthu akubzala. Njira yonseyo ndinkakonza mawu oyambira, koma onse ankamveka ngati a wakuba wodzigwira yekha. Pa mphambano ya ku Mpanshya ndinatsika leveni itapitirira, ndipo bambo wa njinga yamoto anati K30. Nditatchula dzina sanafunenso kulongosoleredwa.

"Ba Sakala a agirikacha? Amene amatiuza vobyala mu mizele? Kwelani."

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusankha mbewu ya nshawa, mtedza uja, m'lichero. Anali ataonda mpaka kolala ya malaya kuwakulira. Anandiyang'ana kanthawi asanaseke.

"Esnart. Mwabwela opanda apointimenti?"

Tinapatsana moni, anandithirira munkoyo m'kapu, tinafunsana za uyu ndi uyo. Masuku anawalandira koma sanadye. Nditaona kuti ndikachedwa ndibwerera nazo, ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa kalendala yawo, mawu awiri aja ali pa Lamlungu la mawa lake.

"Ba Sakala, munikhululukile. Kalenda yanu sinaichoseko. Vonse vamene mulemba nimaviona."

Anatenga foniyo, anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali. Nkhope inasintha ndipo ndinaona kuti zawapweteka.

"Zaka ziwili?"

"Ee."

"Munafunika kuniuza, Esnart. Ija inali ya nchito. Iyi ni ya nyumba yanga."

Ankanena zoona. Nkhuku zinkatola nshawa zogwa m'lichero iwo osaziinga. Kenako anayamba kulankhula akuyang'ana kumunda. Ku chipatala anawapeza ndi khansa. Madokotala anawalembera kalata yopita ku Lusaka ndipo anawauza kuti apite ndi wachibale, koma kalatayo inali idakali m'Baibulo. Lamlungu lililonse ankatenga foni kuti aimbire ana, n'kukumbukira kuti wamkulu ali ndi mwana wakhanda, wamng'ono ali pa mayeso, ndiye n'kusuntha tsikulo.

"Ndionetsetse adathetsa nkhosa," ndinatero, mwambi womwe iwo ankaopsezera nawo alimi ochedwa kubzala.

Anaseka pang'ono n'kundibwezera foni.

"Pakuti mukali nayo mphamvu, gwilani nchito yanu. Ikani siku imwe, muwaitane onse atatu. Nikaika neka nizasuntha futi."

Ndinachita monga ndinkachitira kale. Ndinaimbira ana mmodzimmodzi, iwo ali pambali panga, n'kunena kuti atate anu akukufunani pakhomo Loweruka likudzali, nkhani adzanena okha. Wa ku Kitwe anayamba kufotokoza za ntchito, ndipo ndinamuuza ndi mawu anga a ku ofesi kuti tsikuli silisunthika. Onse atavomera ndinalemba mu kalendala: Loweruka, teni koloko, kunyumba. Ba Sakala anawerenga kawiri n'kugwedeza mutu.

"Manje zichosenimo," anatero mofatsa.

Ndinadzichotsa iwo akuona. Kupalira, kwaya, chipatala, zonse zinazimirira pa foni yanga kamodzi, n'kutsala misonkhano yanga yokha ya ku Lusaka. Anandiperekeza mpaka pa msewu akuyenda pang'onopang'ono, n'kundipatsa kathumba ka nshawa.

Minibasi yobwerera ndinaipeza fili koloko masana. Nditadutsa Rufunsa ndinadzipeza ndatsegula foni kuti ndione zomwe Ba Sakala achite mawa, ndipo munalibe kanthu. Zinandiwawa kuposa momwe ndinkaganizira. Zaka ziwiri ndinkadziwa tsiku lawo lometa tsitsi koma sindinawaimbireko ngakhale kamodzi, n'kumadzinamiza kuti tikuchezerana. Tsopano Loweruka lija likadutsa, ndikafuna kudziwa ngati anawauza anawo, ndidzayenera kuwaimbira n'kuwafunsa, ndipo iwo adzandiuza zokhazo zomwe akufuna kuti ndidziwe.