Mizati ya amake Lusiya

Kuno ku Kapelula mtengo ndi chinthu chosowa. Fodya anaimaliza mitengo yonse, ndipo yotsala ndi bulugama wa ku esiteti, amene ali ndi mlonda wakewake. Ambirife timaphikira mapesi. Ndayamba ndi mitengo chifukwa mlamu wanga Fainess, amake Lusiya, anasaukira nkhuni.

Achimwene anga aMisheck atamwalira, anamusiyira Fainess mwana mmodzi, munda ndi chigafa choyanikamo fodya. Chigafacho chinali chonyadira nacho. Mizati yake inali ya muwanga, imene achimwene anakaitenga kutali pa ngolo, ndipo chiswe chinkangoilambalala. Mayi wamasiye wokhala ndi chigafa chotere sapempha mchere kwa munthu.

Chaka cha njala mpingo wathu unayamba kuphikira ana phala la soya kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Ufa unkachokera kwa akhristu a m'tauni. Ife amayi tinkaphika mosinthana, koma Fainess ankabwera tsiku lililonse. Anali wamfupi, wosayankhulayankhula, ndipo potakasa phala mumgolo ankakwera pa njerwa. Pa mapemphero sindinamumvepo akutsogolera, ngakhale nyimbo ankangong'ung'udza. Chikhristu chake chinali m'manja.

Komiti inaika lamulo loti mwana aliyense azibwera ndi kapu ndi nkhuni imodzi. Woyang'anira lamuloli anali mayi Tabitha, wapampando wa amayi, munthu wodziwa vesi la chilichonse. Ana a m'mudzi sankavutika, chifukwa pakhomo pawo sipasowa kamtengo ka mango kapena mpanda wakale. Ovutika anali ana a matenanti a ku esiteti. Pa wailesi amati utenanti unatha, koma kuno nyumba zawo zaudzu zikadali pa mzere. Tenanti alibe mtengo, alibe mpanda, ndipo mwana wake akatola kanthambi ka bulugama mlonda amamuthamangitsa ndi chikoti. Anawo ankabwera ndi mapesi a fodya.

"Izi si nkhuni," ankatero mayi Tabitha. "Mukufuna phala linunkhe fodya? Bwererani."

Anawo sankabwerera. Ankaima patali ndi makapu awo, kuyang'ana anzawo akumwa.

Sipanapite nthawi, ana omwewo anayamba kufika ndi timitengo tosalala, todula bwino. Mlimi aliyense akanatizindikira. Inali mikangala, mitengo yopachikapo fodya m'chigafa. Fainess ankaithyola m'mawa n'kukaisiya kuseri kwa chulu, m'njira yochokera ku esiteti. Mayi Tabitha nawo ndi mlimi wa fodya, anaona ndithu, koma ankalandira osafunsa chifukwa moto unkayaka bwino.

Ndinapita kwawo ndili wokwiya.

"Alamu, mwapenga? Fodya wa chaka chino mukamupachika pamutu panu?"

"Mikangala ndidzapeza ina, alamu. Bola mizati ilipo."

"Chifundo chinapha nkhwali."

"Nanga nditakase phala ana akundiyang'ana choncho? Mkono umalemera."

Mikangala itatha anayamba kusolola mapaso a denga la chigafa.

Mvula itayandikira, kunamveka kuti alendo opereka ufa aja akubwera kudzaona khitchini. Akulu a mpingo anachita manyazi kuti tikuphikira pansi pa mtengo. APetros, mkulu wa mpingo, anafika kwa Fainess chipewa chili m'manja. Anati abwereke mizati amange chisakasa, alendo akapita abweza. Ndinamuuza Fainess kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma iye anati munthu wa Mulungu sanganame. Anyamata anabwera ndi makasu n'kuzula mizati yonse.

Alendo anafika, anajambula zithunzi, ndipo anakondwa kwambiri moti anatumiza malata. Malatawo anakhomedwa pa mizati ya achimwene anga. Tsiku lotsegulira aPetros anathokoza alendo, komiti, mayi Tabitha, ngakhale mmisiri wokhoma misomali. Fainess sanamve kuti dzina lake silinatchulidwe, chifukwa anali kumjigo kutsuka mgolo.

Fodya atayamba kupsa m'munda, anapita kukakumbutsa za mizati. Ndinamuperekeza.

"Amake Lusiya," anatero aPetros mofatsa, "chopereka kwa Mulungu munthu sachilondola. Kupatsa n'kuika. Mudzazipeza kumwamba."

Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano, ndipo anandiimitsa mgonero. Sindinadandaule.

Ndinamupatsa Fainess mbali ya chigafa changa, koma changa n'chaching'ono. Fodya wotsala anamupachika m'nyumba, m'khonde, mpaka m'khola la mbuzi. Mvula ya February inagwa osalekeza, masamba anada n'kuwola. Chaka chotsatira analibe feteleza, analibe chigafa. Anatenga Lusiya, mphasa ndi mapoto, n'kupita ku esiteti komwe kuja kukalima fodya wa bwana. Anakana kundisiyira mwanayo. Anati pakhomo panga pakamwa ndi pambiri kale, ndipo sananame. Kumpingo anamupempherera kuti ayende bwino.

Mwezi watha linali tsiku langa lophika. Ndili pakati potakasa ndinamva mawu a mayi Tabitha.

"Nkhuni ili kuti?"

Nditatembenuka ndinaona Lusiya. Anali atawonda, tsitsi litafiira, kapu kudzanja lina, phesi la fodya kudzanja lina. Kumbuyo kwake kunali ana ena a ku esiteti, onse ndi mapesi, pakuti kuseri kwa chulu kulibenso woika kanthu.

"Mayi, ameneyu simukumudziwa?" ndinafunsa.

"Ndikumudziwa. Koma tikayamba kukondera, lamulo latha."

Lusiya sanalire. Anasuntha n'kukayedzamira mzati wa pakona kuti anzake adutse. Mzati umenewo ndimaudziwa, uli ndi chipsera pamene achimwene ankamangirira chingwe cha sikelo. Mwana anayedzamira mtengo wa bambo ake, pansi pa denga limene mtengowo wanyamula, akuuzidwa kuti alibe nkhuni.

Ndinasiya mthiko n'kutenga nkhwangwa yowazira nkhuni. Muwanga ndi wolimba, koma tsiku limenelo ndinali ndi mphamvu. Ndinatema mzatiwo mpaka malata analira, ndipo zibanthu zinagwa. Ndinatola chimodzi n'kumupatsa Lusiya, zina n'kugawira anzake.

"Nazo nkhuni zawo. Akhala akulipira kuyambira kale."

Mayi Tabitha anathira phala m'makapu. Pakamwa pawo panalibe vesi.

Madzulo ndinapita ku esiteti kuti ndikamuuze Fainess. Kunena zoona, ndinkayembekezera kuti aseka, kapena atukwanako kamodzi pa moyo wake. Ndinamupeza atakhala pansi m'chigafa cha bwana akusoka fodya, zala zitada ndi utomoni. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, singano osaiika pansi.

"Mwatema kwambiri?" anafunsa.

"Pang'ono. Mawa ndikatemanso."

"Ayi, alamu, musakatemenso. Mzati wa pakona ndi umene wagwira denga lonse. Likagwa, mvula ino, anawo akamwera kuti phala?"

"Nanga Lusiya?"

Analoza ndi mutu kunyumba yake yaudzu.

"Chitseko chobiriwira chija n'changa, ndinabwera nacho. Chitha kumufikitsa pokolola, iye ndi anzake."

Ndinabwerera ndikulira ndi ukali njira yonse, ndipo ukaliwo sunathe. Lamlungu lililonse ndimakhala kumbuyo m'tchalitchi, kumva aPetros akulengeza kuti khitchini yathu ikuyenda bwino mwa chisomo. Ana a ku esiteti akubweradi ndi timatabwa topaka utoto wobiriwira, ndipo mayi Tabitha akulandira. Pakhomo pa Fainess tsopano pali chiguduli.