Beseni Pampando Wakumbuyo

Namakatani si dzina lake lobadwa nalo. Analitola pakhonde la sitolo ya zitsulo pamene wakhala akusoka makatani chiyambire utsikana wake, ndipo linamukakamira moti ngakhale ana ake akamuimbira foni amamutchula choncho. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangirira kachingwe, wosakonda macheza pa ntchito. Mukamufunsa za miseche ali ndi mapini kukamwa, amangokuyang'anani mpaka muchite manyazi nokha.

Tsiku limene anaulula kuti akufuna kugula saluni, mnzake wogulitsa nsapato pakhonde lomwelo anaomba m'manja.

"Koma ndiye mwaganiza bwino! Woyamba kudzalukitsa tsitsi ndine."

"Saluni ya matayala, amwali. Galimoto."

Mnzakeyo anaseka mpaka misozi, koma Namakatani sanaseke. Nkhani ya galimotoyi sinali ya matama ayi.

Amuna ake anali dalaivala wa lole. Anzawo pa ntchito ankawatchula kuti a Khutu, chifukwa injini ikangolira ankadziwa chimene chikuivuta boneti asanatsegule. Tsiku lina la mvula lole inaterereka pamtsetse n'kugubuduzika. Anapulumuka, koma msana unavulala ndipo miyendo inatsala yofooka, yongokwekwereza pa ndodo ziwiri. Dokotala ananena mosapita m'mbali: azibwera ku mafizo, kolimbitsa miyendo kuchipatala, osajomba, akalekeza panjira miyendo idzauma ndipo sadzayendanso.

Vuto linali ulendo wake. Mu minibasi munthu amalowa chopindika, amakhala mothinana, ndipo dalaivala saona bampu. Ulendo womaliza, minibasi itadumpha bampu lalikulu la kumapeto kwa msewu wawo, a Khutu anakuwa ngati mwana pamaso pa anthu onse. Kondakitala anati, "Odwala azikwera ambulasi, madala." Atafika kunyumba anagona moyang'ana kukhoma.

"Sindidzapitakonso. Ikauma, iume."

Namakatani anachonderera, anakalipa, anaitana abale, koma osaphula kanthu. Kuchita hayala galimoto ulendo uliwonse kukanawadyera nyumba. Ndiye anagulitsa makina ake aakulu amagetsi, aja ankawapukuta ngati mwana, n'kutsala ndi akale opalasa ndi phazi. Anaphatikiza ndi kachipepeso kochokera kuntchito kwa amuna ake. Zinakwana galimoto imodzi yokha, yakale, ndipo akalakwitsa panalibenso china choti agulitse. Atawauza amuna ake, iwo sanatembenuke n'komwe.

"Gulani chimene mukufuna. Ndalama ndi zanu."

Amene anadzipereka kumuperekeza anali mlamu wake, mng'ono wawo wa a Khutu. Ameneyu ndi munthu wodziwa aliyense m'tauni, ndipo aliyense amene amamudziwayo amakhala kuti ali ndi chinthu chogulitsa. Anamutengera ku mpanda wina wa malata kumene magalimoto anali ndandanda padzuwa. Mwini malowo anthu ankangomuti Zilibwino, chifukwa chilichonse mungamufunse yankho lake linali lomwelo.

"Kodi alamu, chigubu ndi besenilo n'zachiyani?" anafunsa mlamuyo akutsika minibasi, akuloza katundu amene Namakatani ananyamula. "Tikukachapa?"

"Muona konko."

Galimoto imene awiriwo anali atamusankhira kale inali yakuda, yonyezimira, ya magalasi akuda. Zilibwino anatsegula wailesi mpaka pansi pananjenjemera. Namakatani anaona kuti ndi yotsika kwambiri, yoti munthu wa msana angalowemo chokwawa, komabe anati aiyese. Anaika beseni pampando wakumbuyo, anathiramo madzi kutsala pang'ono kudzaza, n'kukhala pambali pake, Zilibwino ali pachiwongolero.

"Tiyeni, achimwene. Mudutse njira ya kuseri ija, ya maenje."

Sanapite patali. Padzenje loyamba galimoto inagunda pansi kuti gu, madzi anakhavukira pampando ndi pa siketi yake. Padzenje lachiwiri beseni linatsala ndi theka. Mumtima mwake anamva kukuwa kuja kwa mu minibasi, ndipo anauza Zilibwino kuti abwerere.

Atafika kumpanda, Zilibwino anasiya kumwetulira.

"Mayi, mwandinyowetsera mpando. Ndigulitsa bwanji galimoto yonunkha chinyontho? Imeneyi mwagula basi."

"Ndi madzi oyera, auma."

"Alamu, musandichititse manyazi," ananong'ona mlamuyo, thukuta lili kamukamu pamphumi. "Munthuyu ndi mnzanga, watichotserako kale mtengo. Galimoto imasankhidwa ndi beseni? Achimwene akaiona iyi adzuka okha."

Apa Namakatani anazindikira kuti mlamu wake ali ndi kangachepe kake pa galimoto yakudayo. Zinamuwawa. Mlonda anali atakankha geti mpaka kutseka, kaya mwadala kaya ayi. Mayiyo anakanikiza chikwama chake m'khwapa, anavula nsalu imene anafunda paphewa, n'kuyamba kupukuta mpandowo pang'onopang'ono, amuna awiriwo atamuimirira kumsana. Anapukuta mpaka m'makona, ngati mmene amasitira katani ya kasitomala wovuta.

Akuweramuka m'pamene anaiona inayo. Inali kumapeto, pafupi ndi mulu wa matayala: saluni yotuwa, penti ya padenga itasupuka ndi dzuwa, yooneka ngati yatopa ndi moyo. Anapita n'kutsegula chitseko. Chinatseguka kwambiri, mpando unali wokwera bwino, wansalu yokhuthala, wosabowoka pakati. Anaupapasa ndi dzanja la utelala ndipo anaona kuti sunasokedwepo mwachinyengo.

"Nanga iyi?"

"Zili bwino," anatero Zilibwino mosafuna, maso ali kwina.

"Imeneyo ndi ya agogo!" mlamuyo anaseka. "Injini yake inafa kalekale. Mukufuna muzikakankha ndi achimwene?"

Anaumirira mpaka anaitulutsa. Anathiranso madzi m'beseni n'kuliika pampando wakumbuyo. Njira yomweyo, maenje omwewo. Galimoto yotuwayo inkalowa m'dzenje n'kutulukamo mofatsa, ngati munthu wamkulu akukhala pampando. Madzi m'beseni ankangogwedera, kufika m'milomo n'kubwerera. Namakatani anawayang'anitsitsa njira yonse, akudikira kuti atayike, koma pampando sipanagwe ngakhale dontho.

Mtengo wake unali wotsikirapo, woti n'kutsalako ya mafuta ndi mapepala. Koma za injini iye sankadziwa kanthu. Mlamu akuti inafa, wogulitsa akuti zili bwino, ndipo onse awiri sanali anthu oti n'kuwakhulupirira. Galimoto yofewa imene ingafere panjira ya kuchipatala ikanangokhala khola la nkhuku pabwalo. Zilibwino, ataona kuti mayiyo watsimikiza, anayamba nyimbo yodziwika ija yoti pali bwana wina amene akubwera kudzaitenga masana omwewo.

Namakatani anatulutsa foni n'kuimbira amuna ake. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Ulendo uno inayankhidwa, koma kunalibe mawu, kupuma kokha.

"Bambo, sindikukupemphani kanthu. Mungomvera."

Anauza Zilibwino kuti atsegule boneti n'kuliza injini, ndipo anayandikiza foniyo. Anaima choncho, mkono uli m'mwamba, kutentha kwa injini kukumuwomba kumaso. Ataibweza kukhutu kunali zii. Anaganiza kuti adula, ndipo mtima unagwa.

"Muuzeni aponde pang'ono," anamveka mawu aja, osasa ngati a munthu wongodzuka. "Pang'ono, osati ngati wamisala."

Zilibwino anaponda.

"Asiye. Pitani kumbuyo. Utsi ukutuluka wotani?"

"Sukuoneka, bambo."

"Azimitse. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo, gwirani ndi nsalu, chikutentha. Kunsi kwake kuli zoyera ngati mkaka?"

"Ayi, n'zakuda basi."

"Alizenso."

A Khutu anamveranso nthawi yaitali. Mlamu uja anali atapita pamthunzi, akunamizira kuwerenga za mu foni yake.

"Kakulirako ndi lamba wa pa injini, n'kosavuta kusintha. Injiniyo ndi yamoyo." Kenako anawonjezera kuti, "Koma ine sindinati ndikwera."

Foni inaduka. Namakatani anaima pamenepo, dzuwa likumuotcha paliwombo. Akanatha kubwerera ndi chikwama chake n'kukawombola makina ake. Koma chichokereni kuchipatala, aka kanali koyamba kumva amuna ake akulamula munthu. Anaigula.

Laisensi anali nayo, yomwe a Khutu anamukakamiza kutenga ana akadali aang'ono, koma chiwongolero anali atachiiwala. Galimoto inamuzimira pamphambano, am'mbuyo akuimba mahutala, wina akumukuwira kuti abwerere kukhitchini. Anafika kunyumba bulauzi itamatirira kumsana. Amuna ake sanasuzumire pawindo, sanafunse kanthu. Masiku otsatirawo iye ankaweruka msanga n'kumazungulira pabwalo la mpira, kuphunziranso magiya, kenako n'kusoka mapilo awiri oti atsamire kumbuyoko.

M'mawa wa tsiku la mafizo anatsuka galimoto, anaiimika pafupi penipeni ndi khomo, anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuyala mapilo aja. Kenako analowa kuchipinda. A Khutu anali chigonere, nkhope kukhoma. Anawaikira malaya ndi buluku pampando, ndodo zawo pambali, n'kutuluka kukaliza injini. Anaisiya ikulira pansi pa windo lawo.

Anadikira atagwira chiwongolero. Nthawi inkapita, mafuta ankapsa, ndipo mantha anamugwira. Anayamba kuganiza za makina ake, mmene wogula uja anawanyamulira pa njinga osawaphimba n'komwe. Atatsala pang'ono kuzimitsa, anamva ndodo zikugogoda pasimenti.

A Khutu anatuluka atavala malaya aja, mabatani atasemphana. Anaima pakhomo n'kuiyang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Koma ndiye ndi yonyansa."

"Ndi yofewa, bambo. Ndinaiyesa ndi beseni la madzi pampando wakumbuyowu. Silinatayike."

"Ndinamva. Mng'ono wanga akuuza tauni yonse." Anayang'ana mapilo aja. "Kumbuyo n'kwa mabeseni. Ine ndikhala kutsogolo."

Namakatani anasuzumira kutsogoloko. Mpando wakutsogolo sanauyese. Sanaganizeko n'komwe. Anafuna kutsutsa, koma ataona nkhope yawo anangotsegula chitseko, anakankhira mpando kumbuyo, n'kuwagwira m'khwapa. A Khutu anakhala pampandopo pang'onopang'ono ataluma mano, ndipo iye ananyamula miyendo yawo umodziumodzi n'kuilowetsa. Inali yopepuka moti anachita mantha.

Ananyamuka. Kutsogolo, kumapeto kwa msewu, bampu lija linali pomwepo, lalitali, penti yake itafufutika. Namakatani ankadziwa kuti akakuwanso pamenepa, basi, ulendo wathera pomwepo ndipo sipadzakhalanso wina. Anayandikiza phazi pa buleki.

"Pondani panopa, musanafike," anatero a Khutu motsitsa mawu. "Eya. Tsopano chotsani phazi. Isiyeni ikwere yokha."

Matayala akutsogolo anakwera, anatsika. Akumbuyo anakwera, anatsika. Namakatani sanayerekeze kucheuka. Anangotchera khutu, maso ali panjira, kudikira. Chimene anamva chinali kulira kwa galasi la pachitseko likutsitsidwa. Atayang'ana chammbali anaona chigongono chili kunja kwa windo, mmene ankakhalira mu lole masiku aja akamadutsa pakhonde la sitolo n'kumuimbira hutala.

"Giya thu, mayi. Injini ikulira. Tichedwa."

Anasintha giya, koma msewu unali utayamba kusungunuka m'maso mwake.

"Ndiye mukulira chiyani? Pukutani magalasiwo, mungatigwetsere mu ngalande. Ine ngozi imodzi inandikwana."

Anapukuta ndi nsonga ya bulauzi, dzanja limodzi lili pachiwongolero, n'kulowa mumsewu waukulu wopita kuchipatala.