Chitini chotsitsira mawu a atate

Atate anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe mpaka makutu anatsekeka. Atapuma pantchito tinasamukira kukomboni ya Kabushi, ndipo posakhalitsa mzere wonse wa nyumba zoyandikana nafe unkadziwa zimene tikukambirana m'nyumba. Amayi ankangoti, "Tsitsani mawu, inu, kuno si kumgodi." Zimenezinso atate sankazimva.

Chifuwa chitayamba kuwavuta, anabwera kusitudiyo kwanga kojambulira nyimbo, kachipinda kakuseri komwe ndinakhoma matileyi a mazira. Nkhawa yawo inali imodzi: kwaya ya kutchalitchi kwathu imayimba m'Chibemba.

"Awe, ine siniyenda m'Chibemba," anakuwa. "Unijambule nyimbo ya kwathu ku Katete, mukayike pamaliro panga."

Tinajambula. Zimene zinatuluka zinali zosati n'kumvetsa mlendo. Poyamba ndime ankanong'ona, mpweya utawathera, kenako n'kuphulika, sipika n'kumalira ngati lata likung'ambika. Ndinachita manyazi, ine amene ana a kwaya ankanditcha injiniya.

Mankhwala ake ndi kompuresa, kachipangizo kamene kamapondereza mawu akakwera mopitirira. Ya m'sitolo ndinkangoyionera pa foni, choncho ndinapanga yanga. Ndinatenga kababu kakang'ono ndi kadiso komva kuwala kochokera m'getsi lakufa la panja, n'kuziyika moyang'anizana mkati mwa paipi yakuda. Mawu akakwera kababu kamayaka, kadiso kakaona kuwalako kamawatsitsa. Zonse ndinazilowetsa m'chitini cha mabisiketi. Ntchitoyo inadya milungu itatu, khungu la zala ziwiri, ndi wailesi ya amayi imene mpaka lero amakhulupirira kuti inabedwa.

Atate anayimbanso. Chitini chinachita m'mphindi zinayi zimene amayi analephera zaka makumi anayi. Mawu anatuluka osalala, aulemu. Ndinanyada kwambiri. Atate anamvetsera n'kugwedeza mutu, ngakhale ndikukayika ngati anamvapo kanthu.

Anamwalira mvula itangoyamba. Masana a tsiku loyika maliro, anthu atadzaza pakhomo, ndinalumikiza sipika n'kuyika nyimbo yosalala ija. Amayi anali pamphasa pakati pa amayi anzawo, ndipo itatha anandikodola.

"Ayimba bwino bambo aba," anatero. "Ni a parishi iti?"

Sankaseka. Mtima unandipweteka kuposa m'mawa umene atate anatisiya, pakuti ndinali nditawabweretsera mlendo pamaliro pa amuna awo.

Ndinafufuza mufoni mpaka ndinapeza yoyamba ija, imene ndinangoyiwala kufufuta. Kunamveka kunong'ona, kenako chifuwa, kenako atate anaphulika. Sipika inanjenjemera pa sitululu, khanda lina linalira, akwaya anayang'anana. Amayi anatseka khutu la kumanzere ndi chala, mbali imene atate ankakhala pakudya.

"Tsitsani mawu, inu," anatero, misozi ili chuchuchu. "Kuno si kumgodi."

Sindinatsitse.