Nkhunda za Bambo ndi Kabokosi ka Eneless

Ndiyambe ndi kuulula, poti ukalamba umachotsa manyazi: ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinkakhulupirira kuti nkhunda imamva Chichewa. Ndinkati ukaigwira bwinobwino n'kuinong'oneza dzina la mudzi, basi yamva, sidzathawanso. Palibe amene anandiphunzitsa zimenezi. Uchitsiru umenewu ndinaupeka ndekha, ndipo ndinkaunyadira.

Chaka chimenecho bambo anga anabwera ndi nkhunda zinayi kuchokera kwa mnzawo wa ku Nathenje. Ife tinkakhala cha ku Mitundu. Anaziika m'khola lathu la m'mwamba, n'kutseka makomo onse ndi zitsononkho za chimanga. Lamulo linali limodzi: masabata awiri osatsegula. Yanga inali ntchito yoponyamo misere ndi kuthira madzi m'phale. Ankati nkhunda yachilendo iyenera kumva kaye fungo la pakhomo, kuzolowera atambala athu ndi mbali yotulukira dzuwa, mpaka itadziwa yokha kuti kwawo ndi pano.

Masabata awiriwo ine ndinawaona ngati chaka. Tsiku lachitatu, bambo ali ku chigafa cha fodya, ndinakwera kukhola kuja. Ndinazigwira imodziimodzi, kamtima kakugunda m'chikhatho changa, n'kuiuza m'khutu kuti, "Kuno ndi ku Mitundu, wamva?" Kenaka ndinazula zitsononkho. Zinazungulira mudzi kawiri ine ndikuomba m'manja, basi n'kulunjika kum'mawa osacheuka.

Bambo sanandimenye. Bola akanandimenya. M'mawa mwake anandisenzetsa dengu, tinauyamba wapansi wa ku Nathenje. Unali mwezi wa Okutobala, mchenga ukuwotcha, fumbi likulowa m'ming'alu ya kumapazi. Iwo patsogolo, ine pambuyo. Nkhunda zija tinazipeza zonse zinayi padenga la mwini wake wakale, zikudzikonza nthenga ngati sizinalakwe kanthu. Pobwerera tsiku linalo, miyendo yanga itatupa ngati mitondo, m'pamene anatsegula pakamwa.

"Chachilendo sachiuza kwawo, mwana iwe. Amachisiya chifufuze chokha."

Ndinati ndamva. Linali bodza.

Zaka zapita, ndipo onani kuseketsa kwake: ndinadzakwatira ku Nathenje komweko, n'kukhala mkamwini mpaka lero. Mwezi wathawu mwana wathu Eneless, namwino ku Chitipa, anatitumizira kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri, akuti rauta, kobweretsa intaneti m'nyumba. Anali atangochira kumene, ndipo ankafuna kuti Lamulungu masana tione nkhope ya mdzukulu pa foni, poti foni payokha kwathu kuno imagwira netiweki ukakwera pachulu. Maso angawa ayamba ng'ala. Nkhope za anthu sindidziwa kuti ndiziona mpaka liti.

Malangizo a Eneless anali achidule. Anati tiike simu kumbuyo, tilumikize ku batire la sola, kenaka tichotsepo manja. Kadzisakira kokha netiweki, kadzikonzera kokha zam'kati. Kagetsi kofiira kakasanduka kobiriwira, tilembe pa foni manambala amene ali pansi pa kabokosiko.

Sukulu ndinalekezera Sitandade Folo, koma apa panalibe chovuta. Kagetsi kanayaka kofiira, kakuphethira. Ndinawerenga mpaka makumi awiri, n'kuzula waya. Ndinabwezera. Kofiira. Kabokosiko ndinakasunthira pawindo, ndinakapukuta ndi malaya, tinyanga tija ndinatilozetsa ku Lilongwe. Kumbuyo ndinapezako kabowo, n'kukatokosa ndi munga, osadziwa kuti pamenepo ndikukaiwalitsa zonse zimene kanali katapeza. Dzuwa linapendeka ndikulimbana nako, msana ukuwawa. Mkazi wanga, Nabanda, anali pamkeka akuswa mtedza. Mpaka ndinangodzipeza nditawerama, mlomo uli pa kabokosi, ndikunong'ona kuti, "Kuno ndi ku Nathenje, wamva?"

Mawuwo atangotuluka, mapazi anga anakumbukira mchenga wa Okutobala. Ndinabwerera pampando, manja onse awiri n'kuwakhalira. Kanaphethira, kanaphethira, ine thukuta kamukamu. Nthawi yake sinapose yowiritsa madzi a tiyi. Kobiriwira. Foni inakapeza yokha, Nabanda akuwerenga manambala, ine ndikudina.

Mdzukulu ndinamuona. Watenga mphuno yanga ndithu, Mulungu amuchitire chifundo.

Tsopano ndikamakhala pakhonde ndimaona kuti zambiri zimene ndaononga pamoyo sindinaziononge ndi ulesi ayi, koma ndi manja osakhazikikawa. Kudikira nako ndi ntchito, ndipo imatopetsa kuposa khasu. Madzulo ake ndinamufotokozera Nabanda nkhani ya nkhunda ija, ndikuganiza kuti ayamikira nzeru zanga zochedwazi. Iye anangoyala bulangete, osandiyang'ana n'komwe.

"Bambo a Eneless, inu mutabwera kuno chikamwini munayaka kofiira chaka chathunthu, maso ali ku Mitundu. Amayi ankati ndikutokoseni. Ine ndinangokusiyani."