Fuwa Lachitatu la Mayi

"Bomba ndi mutu wakowo! Chotsa mwendo apo ndiike chiwaya."

Anali mayi amenewo, kundikalipira ine, munthu woti ndangolemba kumene mayeso a Folomu 4, pamaso pa nkhuku ndi kamchemwali kanga. Ndinali nditaima pakati pa mafuwa, manja tambasu ngati goloboyi.

"Mayi, ndikunena zoona. Walayi!"

"Walayi wakoyo tinatopa naye. Si iwe unati waona nsato yoyambira pano mpaka pa Ngokwe?"

"Inali yaitali ndithu."

"Chinali chingwe cha ukonde."

Chabwino, nkhani ndimaithira mchere, sindikana. Nkhani yopanda mchere ndani angaidye? Mnzanga wa pa Ngokwe amene tinkakhala desiki imodzi, bambo ake ali ndi mkono umodzi, ndipo sananenepo kuti winawo unapita kuti. Ndiye ine ndinawathandiza. Ndinauza sukulu yonse kuti anaudya ng'ona yaikulu ngati minibasi, iwo akuimenya makofi ndi mkono wotsalawo. Mayi amawadziwa bwino bambowo, amadzapikula nsomba kwathu, ndipo nkhani ya ng'onayo itawapeza ndinagona ndi njala.

Koma za tsiku limenelo sindithiramo kanthu. Umboni ulipo: mpaka lero mayi salola chitsulo chachilendo kuyandikira moto wao, ngakhale supuni ya eni amaiyang'ana kawiri.

Kwathu m'mbali mwa nyanja ya Chiuta mwala ndi mlendo. Ndi matope okhaokha ndi mabango. Ukapeza mwala umausunga ngati mwana. Mafuwa timaumba ndi dothi la pachulu, ndipo sachedwa kusweka, makamaka a mayi, amene amasenza chiwaya chachikulu chokazingira matemba, chiwaya choti mutha kusambitsiramo ng'ombe. M'mawa umenewo fuwa limodzi linangoti phwa, pomwe matemba anali atadzaza mabeseni, dzuwa la Okutobala likuotcha ngati lili ndi chifukwa nafe. Nsomba sidikira munthu. Ikafika masana osakazinga, mwagwirira ntchito ntchentche.

Ndiye kunabwera amalume, achimwene awo a mayi, msodzi wa bwato, atasenza chinthu paphewa.

"Mlongo, usalire. Fuwa ili silidzasweka mpaka zidzukulu."

Anachiponya pansi. Chinangoti di!

Chinthucho ndinkachimva mbiri chabe. Amalume anachitola chaka chimene nyanja inaphwa kwambiri, m'matope cha kumalire a Mozambiki, ndipo ankachimangirira chingwe ngati nangula wa bwato lao. Tsiku limenelo ndiye ndinachiona bwinobwino. Chinali chachitali ngati kuchoka pachigongono kufika kuzala, chonenepa pakati, dzimbiri lokhalokha. Kutsogolo mphuno, kumbuyo kamchira ka zipsepse ngati nsomba. Nsomba yopanda maso.

Ndinali nditachionapo penapake. Tsidya lija, pa khoma la kasitolo kena, pali chithunzi chakale chofufuma ndi dzuwa. Mawu ake ndi a Chipwitikizi, sindinawamve, koma pali zitsulo zojambulidwa ndi chigaza cha munthu pamwamba pake. Chigaza sichifuna womasulira.

"Amalume, ichi ndi cha nkhondo ya ku Mozambiki ija."

"Nkhondo iti? Iwe unali kuti nthawi ya nkhondo? Ngakhale mayi akowa anali asanamere mano onse."

"Chimaphulika."

"Chakhala m'madzi zaka ndi zaka, ndachiponya m'nyanja m'mawa uliwonse, chaphulika liti? Mfuti imene ikanyowa siilira, a Folomu 4."

Anakumba kadzenje, n'kulowetsamo mchira uja kuti chilingane ndi mafuwa enawo, mphuno kuloza kumwamba. Anachipondaponda ndi chidendene. Chinapendekeka pang'ono.

"Tapatseni musi ndichikhomere."

Apo ndiye ndinalumpha n'kukaima pakati paja, ndipo mkangano ndi mayi unayambira pamenepo. Musi sanaupeze, Mulungu ndi wamkulu, unali utabwerekedwa. Amalume anangoseka, n'kubwerera kugombe kukasoka ukonde.

Mayi anandikankhira pambali ndi chigongono. Anaika chiwaya, anachigwedeza, chinakhala bwino. Anayala nkhuni, zina zotsamira pa chitsulo chomwecho. Atagwira bokosi la machesi anapeza mulibe kanthu, chifukwa machesi onse anali m'thumba la kabudula wanga.

"Tenga phale ukapale moto kwa aneba. Thamanga."

Ndinatenga phale lija, koma kwa aneba sindinapite. Ndinajambula chitsulocho ndi kafoni kanga kosweka galasi, n'kuthamangira pachulu cha kuseri kwa mzikiti. Mudzi wonse netiweki imapezeka pamenepo pokha, komanso uimike mkono m'mwamba ngati ukufunsa funso m'kalasi. Ndinaponya chithunzicho pa gulu la anzanga a kusukulu. Ndinayamba kulemba kuti bomba loti litha kufafaniza Machinga yense ndi theka la Balaka. Ndinafufuta. Ndinangolemba kuti: Ichi n'chiyani? Mayi akufuna kusonkhapo moto pompano.

Mayankho anabwera, koma a zitsiru. Wina anati, "Wayambatu mkulu wa ng'ona." Wina wa ku Phalula anati ndimugulitse akapangire mbaula. Mtsikana wina anangotumiza nkhope zoseka mzere wonse. Mnzanga wa pa Ngokwe anaona, chizindikiro chinaonetsa kuti waona, koma sanayankhe kanthu. Zinandipweteka kuposa kuseka kwa enawo.

Ndili pachulu pomwepo ndinkaona pakhomo pathu. Kunali zii. Mphepo inali italeka, ngakhale akakowa m'dambo anangoima osadya. Kamchemwali kanga, kamene kanali kasanayambe n'komwe sukulu, kanakhala pansi pafupi ndi mafuwa, kakugogoda mphuno ya chitsulo chija ndi chikombe. Ngo, ngo, ngo. Phokosolo linkafika mpaka pachulu. Mwina silinkafika, mwina linali m'mutu mwanga, koma mpaka pano ndimalimva.

Kenako ndinaona mayi akutuluka kwa aneba okha, atanyamula makala a moto pa chibenthu cha mbiya, kautsi kakuwatsatira pambuyo.

Sindinathamangepo choncho chibadwire. Minga sindinaimve. Ndinafika iwo atagwada kale, akukonza udzu wouma pansi pa nkhuni. Ndinanyamula mwana uja n'kumuika kumbuyo kwanga, ine n'kugwada kutsogolo kwao.

"Mayi, chonde. Ndikakuumbirani mafuwa khumi. Ndikasenza mwala kuchokera kuphiri ndi mutu wangawu."

"Nsomba zanga zikuola, iwe ukundiuza za phiri?"

"Zikaola ndidya ndekha zonse."

"Choka."

"Iyayi."

Sindinawakanirepo mayi maso ndi maso. Makala aja ankanyeka pakati pathu, kutentha kwake ndikukumva pamaondo. Chitsulo chinali pambali pa khutu langa, chikununkha matope a pansi pa nyanja.

"Mwana iwe," anatero motsitsa mawu, "ukanakhala wonena zoona masiku onse, bwenzi lero ndikukumvera. Nanga ndidziwa bwanji?"

Anawerama, anauzira makala aja, anafiira. Anawayandikiza ku udzu.

Foni inanjenjemera m'thumba. Pansi pamenepo sipagwira netiweki, uthengawo uyenera kuti unalowa ndikutsika chulu. Ndinaona dzina la mnzanga wa pa Ngokwe.

"Ndi mwana wa bambo a mkono umodzi aja," ndinatero.

Dzanja la mayi linaima m'malere, chibenthu chija chili chipendekere.

"Werenga timve bodza lina."

Ndinawerenga mmene analembera, osawonjezera ngakhale kamchere:

"Aise, ndachedwa chifukwa ndinakawaonetsa bambo kumunda. Atangoona agwetsa khasu, akhala pansi. Akuti mkono wao sinali ng'ona. Chinali chitsulo ngati chimenechi. Ali anyamata anachitola ndi mng'ono wao, anachiika pamoto kuti aone zam'kati. Ine sindinkadziwa kuti anali ndi mng'ono wao. Akuti musachikhudze, musachizule, musachibwezere m'nyanja. Tengani ana, uzani aneba, pitani kutali koti nyumba musaione. Akwera njinga yamoto ya kabaza kukatenga apolisi. Akuti uwauze mayi ako kuti nsomba ziole."